Nyimbo yatsopano imene amuna okonda amuna anzawo akuti ndi yawo: chinsinsi chake chili pati?

Kambalame, Ulónguè

Akuluakulu, moni nonse. Pali nyimbo yatsopano yachikondi ya mnyamata wina wa kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, imene yafala pa WhatsApp, ndipo tsopano ikumveka m'mabaraka (timalo tomwera mowa) ndi m'machapa (maminibasi) opita ku Tete. Dzina lake sinditchula, kuopa kuti anthu angamunenere zimene iye sananene. Ndi yapang'onopang'ono, kagundidwe ka kizomba, mawu ake Chinyanja ndi Chipwitikizi pang'ono. Ikukamba za anthu awiri okondana amene pagulu amatchulana "mnzanga", ndipo ku ukwati wa abale amakhala motalikirana. Amuna okonda amuna anzawo ndi akazi okonda akazi anzawo aitenga kukhala yawo, pomwe ena akuimva ngati ya chibwenzi chimene makolo akana.

Inu odziwa ntchito ya nyimbo mundithandize. N'chiyani m'kati mwake chimene chikuchititsa zimenezi? Munthu akafuna kulemba yotere mwadala, ayende bwanji kuyambira pa mawu mpaka kuitulutsa, ndipo zimalakwika pati? Nanga malamulo akuti chiyani, popeza nyimbo zathu siziima pa chipata cha malire cha Calómuè, zimawoloka mpaka ku Dedza ndi ku Lilongwe?

Mlembi wa ku Dómuè

Achimwene, tiyambe ndi mawu, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. M'nyimbo yotere muli zinthu ziwiri zogwira ntchito limodzi, ndipo ambiri amaonapo chimodzi chokha.

Choyamba ndi chimene nyimbo sinatchule. Apa Chinyanja chimatikomera. Iwe, inu, iye, wanga, wako, zonsezi sizinena ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. "Ndimamukonda" angakhale aliyense. Bwenzi, wokondedwa, wapamtima, wachikondi, nawonso ndi otseguka. Koma alipo mawu otseka khomo, ndipo amalowa okha wolemba asakuona, chifukwa ndi amene makutu athu anazolowera: mkazi wanga, namwali, chiphadzuwa, njole, mayi wa ana anga. Ovuta kwambiri ndi mawu a ukwati. "Ndidzakukwatira" ndi mwamuna akuuza mkazi, basi. "Ndidzakwatiwa" ndi mkazi. Kufunsira ndi kulowola nakonso kumaulula. Mukafuna kunena za tsogolo, nenani kuti tidzakhala limodzi, tidzakalamba limodzi, nyumba yathu.

Chipwitikizi ndiye chimakola ambiri. Meu amor, meu bem, minha vida, amo-te, amenewa alibe vuto. Linda, querida, namorada, princesa amatseka pomwepo, chifukwa amanena za mkazi yekha. "Estou apaixonado" (ndili m'chikondi) akungoonetsa kuti woyimbayo ndi mwamuna, sakunena za mnzakeyo. "Estamos juntos" (tili limodzi) akukwana mwamuna ndi mkazi, akukwananso amuna awiri, koma akazi awiri atsala panja, chifukwa awo ndi "juntas". Choncho mzere uliwonse wa Chipwitikizi muufufuze mathero a mawu ake, limodzi limodzi.

Chachiwiri ndi chimene nyimbo yatchula mosaphonya, ndipo ichi ndiye chachikulu. Nyimbo zambirimbiri zilibe mawu oti mkazi kapena mwamuna, koma palibe amene amazilirira. Imene mukunenayi yagwira anthu chifukwa yaonetsa moyo wawo monga mmene uliri. Kusunga nambala ya wokondedwa pa foni ndi dzina lina. Kufufuta mauthenga usanagone. Kuvina ndi kufupa pa chinkhoswe cha ena, chako ukudziwa kuti sichidzachitika. Azakhali kufunsa chaka ndi chaka kuti banja liti. Munthu wodwala kuchipatala, iwe n'kumadzitchula mnansi kuti akulole kumuona. Zoterezi amazidziwanso amene chikondi chawo chinakanidwa chifukwa cha mpingo, mtundu kapena umphawi, n'chifukwa chake nyimbo imodzi imapeza magulu awiri a omvera.

Pali pamodzi pofunika kusamala kwambiri: chopingacho chisakhale chimene ndalama kapena ankhoswe angachichotse. Mukangolemba kuti "ndikapeza ndalama makolo ako adzandilola", mwawataya amuna okonda amuna anzawo ndi akazi okonda akazi anzawo aja. Mwamuna wokonda mwamuna mnzake akudziwa kuti ngakhale atakolola matumba mazana a mbatata ya kachewere, ankhoswe sadzakhala pansi kukambirana za iye. Chopingacho musachitchule dzina, mungoonetsa zimene chimachita kwa anthu awiriwo.

Cholakwika china ndi kuithira chisoni chokhachokha. Olemba ambiri amamaliza nkhani yotere ndi imfa kapena kusiyana, poganiza kuti ndiye kuzama. Mukumbukire kuti wina aimvera yekha usiku pa mahedifoni, ali ndi zaka 19, alibe womuuza. Zovuta zikhale m'mavesi, koma kolasi, imene aibwereze kakhumi, inene kuti chikondi chilipo ndipo sichichoka. Mawu ngati tchimo, temberero, matenda, ndikhululukireni, akalowa mu kolasi nyimbo imasanduka kulapa. Mawu oti mathanyula, amene anthu amatukwanira, asapezeke paliponse, kaya m'nyimbo kaya polengeza.

Za kaimbidwe pang'ono. M'Chinyanja timakoka silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto kwa mzere: ndi-ma-ku-KO-nda. Imeneyo igwere pamene ng'oma ikugunda mwamphamvu. Mukaikankhira pena kuti igwirizane ndi biti yogula kale, mawu amamveka achilendo ndipo womvera amataya tanthauzo. Mizere ya masilabulo 8 mpaka 10 imakwana bwino pa liwiro la kizomba.

Wapasitudiyo, Matundo

Akulu a ku Dómuè anena zoona, koma mawu abwino angathe kufera mu situdiyo. Nyimbo imene mphamvu yake ili m'mawu iyenera kumveka liwu lililonse pa kasipika ka foni, chifukwa ndi mmene ambiri adzaimvere.

Kamangidwe kaye. Kizomba imayenda pakati pa 85 ndi 95 BPM, kutanthauza kugunda kwa biti pa miniti imodzi. Titenge 92. Pa liwiro limenelo bar imodzi, kutanthauza kugunda kanayi, ndi masekondi 2.6. Chiyambi ma bar 4, vesi 8, kokwerera ku kolasi 4, ndiye kuti kolasi ikufika pa masekondi 42. Mukachedwa kupitirira miniti, wapachapa wasintha kale nyimbo. Kolasi ya ma bar 8 ndi masekondi 21, imakwana yonse m'kachidutswa ka masekondi 30 koika pa status. Mukabwereza vesi, kokwerera ndi kolasi, n'kuwonjezera mlatho (kagawo kosiyana kotsogolera ku kolasi yomaliza) wa ma bar 8, kolasi yomaliza ndi mathero a ma bar 4, zonse ndi ma bar 64, mphindi 2 ndi masekondi 47. Mzere wolemera kwambiri, umene omvera enawo adzauzindikire, uikeni pa mlatho, pamene ng'oma ndi bass zaima, patsala gitala kapena piyano yokha.

Chimene chimapha nyimbo zotere kawirikawiri ndi opolokoza. Wopanga nyimbo mwachizolowezi amaitana mtsikana kuti ayankhe mnyamata mu kolasi, chifukwa zimakoma m'khutu. Zikatero nkhani yatha, aliyense wamva kuti ndi mwamuna ndi mkazi akuyankhana, ngakhale mawu asanene. Njira zilipo ziwiri. Woyimbayo adzipolokoze yekha, ajambule kolasi katatu, limodzi pakati, lina kumanzere, lina kumanja. Kapena gulu losakaniza la anthu anayi kapena asanu liyimbe mawu omwewo pamodzi ndi iye, osati kumuyankha.

Pojambula, pakamwa patalikire maikolofoni masentimita 15, pakati pakhale kansalu kotchinga mpweya. Nyimbo yotere imafuna liwu lapafupi, lotsika, osati lokuwa. Kuno ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndiye anthu amasiya fani ikuzungulira, phokoso lake n'kulowa m'mawu, ndipo liwu lotsika ndi limene limavutika kwambiri. Jambulani m'mamawa fani itazimitsidwa. Ku Angónia vuto ndi mvula pa malata. Chipinda chopanda kanthu chimabweza mawu, matiresi awiri m'makona ndi bulangete lolemera kumbuyo kwa woyimba zimathandiza.

Pa mix, posakaniza liwu ndi zoyimbira, dulani kulira konse kwa besi kwa pansi pa 80 mpaka 100 Hz pa liwu, kwezani pang'ono kulira kwa pamwamba kwa pakati pa 2 ndi 5 kHz kuti zilembo zimveke. Reverb (kubweza mawu) yambiri ndi autotune (yowongola liwu pa kompyuta) yothina zimameza mathero a mawu, pamene m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi momwe tanthauzo limakhala. Mukatha, mverani mu mono, pa sipika imodzi ya foni yotsika mtengo, mupatse munthu amene sanaonepo mawuwo alembe zimene wamva. Pamene waphonya, bwererani pomwepo.

Master, fayilo yomaliza ya nyimbo, ya Spotify ndi anzake ikhale pafupi ndi -14 LUFS pa muyeso wa kukweza kwake, nsonga ya phokoso isadutse -1 dB, fayilo ya WAV pa 44.1 kHz, chithunzi cha 3000 kwa 3000. WAV yotalika chonchi pa 16 bit ndi pafupifupi 29 MB, anthu sangatumizirane. Ya pa WhatsApp ikhale MP3: pa 128 kbps ndi 2.7 MB, pa 320 kbps ndi 6.7 MB. Kwa wogula ma mega ochepa a Movitel kapena Vodacom kusiyana kumeneko n'kwakukulu, choncho tulutsani zonse ziwiri, yaikuluyo ya ma DJ ndi a wailesi. Dzina la nyimbo ndi la mwini wake mulilembe m'kati mwa fayilo, apo ayi pakatha sabata idzakhala ikuyenda m'mamemori khadi ndi dzina la munthu wina. Musanaitulutse, lembetsani ku SOMAS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ku Mozambique, ndipo mugwirizane polemba ndi wopanga biti kuti gawo la aliyense ndi lotani.

Amayi a ku Zóbuè

Mwana wanga Kambalame, wachita bwino kusatchula woyimbayo. Nyimbo si umboni wa moyo wa amene wayimba, ndipo mphekesera zotere zachotsetsa anthu m'nyumba za lendi ndi m'makwaya.

Kuno ku Mozambique, kukondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha si mlandu. Buku la malamulo a milandu la atsamunda la 1886 linali ndi ndime zokhudza zimene linkazitcha zosemphana ndi chilengedwe. Lamulo nambala 35/2014 linabweretsa buku latsopano lopanda ndimezo, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Juni 2015. Pamene bukulo linakonzedwanso mu 2019, sizinabwezeretsedwe. Mu 2014 a Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa dziko lino, analembera atsogoleri a mu Africa kalata yapoyera yopempha kuti anthuwa asamasalidwe. Koma ukwati wovomerezeka ndi boma ukadali wa mwamuna ndi mkazi, ndipo bungwe la Lambda, lomenyera ufulu wa anthuwa, linapempha kulembetsedwa mu 2008 n'kukhala zaka zambiri osayankhidwa, ngakhale Conselho Constitucional, bwalo loona za malamulo aakulu a dziko, inagamula mu 2017 kuti ndime imene inkagwiritsidwa ntchito potchinga mabungwe otere ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Choncho kuyimba nyimboyi, kuiulutsa kapena kuimvera, palibe wakumanga. Chotsala ndi pakamwa pa anthu, banja ndi mpingo.

Chigawo cha Tete chazunguliridwa ndi mayiko atatu amene zinthu zili zina. Ku Malawi ndime 153 ya Penal Code, buku la malamulo a milandu, imapereka kwa amuna ogonana okhaokha zaka za ndende zofika 14, ndime 156 zaka zofika 5, ndipo 137A inawonjezedwa kuti ikhudze akazi. Mu 2010 anthu awiri amene anachita chinkhoswe ku Blantyre, amene khoti linawaona kuti onse ndi amuna, anagamulidwa zaka 14, kenako a Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linakana kuthetsa ndimezi. Ku Zambia chilango chachikulu chimayambira zaka 15 mpaka moyo wonse m'ndende. Ku Zimbabwe ndi chindapusa kapena ndende yofika chaka chimodzi kwa amuna. Ndimezi zimalanga mchitidwe, osati kumvera nyimbo, koma zimapatsa mphamvu anthu oopseza anzawo kuti awadyere ndalama. Ndipo olankhula chinenero chathu ambiri ali kutsidyako, ndiye omvera ambiri a nyimbo yako adzakhala kumeneko.

N'chifukwa chake polengeza uziganizira womvera wa ku Mwanza, Ntcheu ndi Katete. Pa tsamba la Facebook lotseguka, aliyense amaona amene wakonda ndi amene walembapo. Ukalemba pamwamba kuti nyimbo ya anthu akutiakuti, aliyense woikonda wadziika poyera, ndiye ambiri adzangoidutsa ngakhale akuifuna. Usamange gulu la WhatsApp la okonda nyimboyi, chifukwa m'gulu nambala za onse zimaoneka, ndipo munthu mmodzi woipa mtima akwanira kuzijambula zonse. Usaike dzina la munthu pa chithunzi kapena pa positi iye asanavomere. Uthenga wothokoza umene wina wakutumizira mseri usauonetse poyera, ngakhale utabisa dzina, chifukwa m'tauni yaing'ono ngati Ulónguè kalembedwe ndi nkhani yake zimamuulula. Pa YouTube ndi pa Facebook pali malo oikamo mawu oletsedwa kuti ndemanga zotukwana zisaoneke. Udzaze mawuwo m'Chinyanja, m'Chinyungwe ndi m'Chipwitikizi nyimbo isanatuluke, osati chipongwe chitayamba kale.

Woyimbitsa m'madansi, Moatize

Ndiwonjezere mbali ya bwalo lovinira, komanso nditsutseko pang'ono.

Kizomba ndi pasada zimavinidwa awiriawiri, mogwirana, mwamuna kutsogolera. Ndiye taonani chimene chimachitika. Nyimbo imene akuti ndi yawo ikalira m'baraka, amene ikuwanenawo ndi amene sangaivine ndi munthu wawo. Amakhala pampando, kapena aliyense amatenga mtsikana, n'kumayang'anana patali. Akazi awiri akavina limodzi anthu sadabwa kwenikweni, koma amuna awiri pa kizomba ndi nkhani ya tauni yonse mawa lake. Choncho tulutsani mitundu iwiri. Yapang'onopang'onoyo ndi ya mahedifoni ndi wailesi. Ina ikhale ya amapiano pa 112 BPM kapena afro house pa 120 ndi kupitirira, imene anthu amavina pagulu, aliyense payekha, ndipo palibe wofunsa kuti ukuvina ndi yani. Musangothamangitsa liwu lakale kuchoka pa 92 kufika 112, limamveka lophwanyika. Woyimba ajambulenso kolasi pa liwiro latsopanolo. Yachiwiriyi ituluke patapita masabata atatu kapena anayi, yoyambayo itakhazikika.

Potsutsa ndi apa. Akulu a ku Dómuè aphunzitsa bwino kusiya khomo lotseguka, ndipo n'zothandiza. Koma tisanamizane kuti zakwana. Anthuwa akhala akubwereka nyimbo za ena moyo wawo wonse, kusintha mawu mumtima kuti ziwakwane. Nyimbo yosatchula kanthu ndi kubwerekabe, kungoti kosavuta. Alipo amene zimawawawa kuona woyimba akudya ndalama zawo ndi chikondi chawo, koma akafunsidwa n'kulumbira kuti iye zoterozo amanyansidwa nazo. Wolemba asankhe asanayambe: ngati tsiku lofunsidwa adzawakana ndi kuwanyoza, ndi bwino asailembe. Ndipo popeza kuno lamulo sililetsa, malo alipo a nyimbo imene mwamuna adzanene poyera kuti akuyimbira mwamuna. Mawailesi ena adzaikana, oitana ku maukwati adzachepa, kuwoloka malire kukayimba kudzavuta. Amene angasenze zimenezo ndi mwini nkhaniyo atafuna yekha, osati wokankhidwa ndi anzake kapena wofuna kutchuka.

Kambalame, Ulónguè

Zikomo kwambiri nonse, amayi ndi akuluakulu. Ziwiri zatsala. Vidiyo ikhale yotani kuti isagwetse zimene mawu amanga? Nanga muulutsi wa pa wailesi akafunsa mwachindunji kuti kodi nyimboyi ndi ya amuna okhaokha, woyimba ayankhe bwanji?

Mlembi wa ku Dómuè

Achimwene, vidiyo imaposa mawu mphamvu. Mukangoika mtsikana wokongola woyenda m'mbali mwa Zambezi woyimba akumutsatira, ntchito yonse ija yapita. Njira yosavuta ndi yoti kamera ikhale wokondedwayo: woyimba ayang'ane mu kamera, aipatse kapu ya tiyi, aiperekeze pokwerera chapa, nkhope ya winayo osaoneka. Ina ndi kuonetsa zinthu m'malo mwa anthu, monga makapu awiri, njinga ziwiri zotsamira khoma limodzi, foni ikuwala usiku. Yachitatu ndi kuonetsa anthu awiriawiri ambiri, agogo ndi mdzukulu, okalamba awiri, anyamata awiri oyenda atagwirana dzanja. Kwathu kuno amuna kugwirana dzanja pamsewu n'chizolowezi cha ubwenzi, choncho aliyense adzaona chimene akudziwa. Onse ooneka nkhope muwauze nkhani ya nyimboyo ndi zimene anthu angadzanene, avomere polemba musanajambule. Ana asalowemo. Nyumba, geti kapena nambala ya galimoto yozindikirika isaoneke.

Za wailesi, yankho likonzedwe pasadakhale, chifukwa munthu wodzidzimutsidwa pa maikolofoni amathawira ku kukana ndi kunyoza, kumene akulu a ku Moatize achenjeza. Likhale lalifupi ndiponso loona: nyimboyi ndi ya aliyense amene amakonda munthu koma sangathe kunena poyera, ndipo amene aimva kuti ndi yawo sanalakwitse. Akafunsa za moyo wa woyimbayo, anene kuti wabwera kudzakamba za nyimbo, abwereze chomwecho ngakhale afunse katatu, osakwiya, osaseka. Ngati pulogalamuyo ili ndi mafoni a omvera, mugwirizane ndi muulutsi musanalowe kuti woyimba foni akayamba kutchula mayina a anthu a m'deralo adulidwe nthawi yomweyo.